Ubongo wa Pepani

LOLEMBA

M'mawa.

Kwatsala masiku asanu. Loweruka Abambo, Amayi ndi Tadala, mwana womaliza kwathu, akusamukira ku Nthalire, kuchipatala komwe boma latumiza Abambo. Ine ndikutsala pa boma pano chifukwa cha Fomu 3. Ndizikhala kwa a Namukonda, mayi a kutchalitchi kwathu. Zonsezi anagwirizana ine ndili kusukulu.

Lonjezo la Abambo ndikulilemba pano kuti lisadzasinthe mawu: "Pepani akakwera mapiri a ku Nthalire, ndizidzakutenga kumapeto a mwezi uliwonse. Akakanika, tidzaonana pa Khirisimasi."

Pepani ndi pikiapu yathu. Ndi wamkulu kuposa ine. Dzinali anamupatsa ndi anthu a pamsika, chifukwa aliyense amene anakwerapo anamva Abambo pachitunda choyamba akuti, "Pepani, tsikani tikankhe."

Masana.

A Simwaka, makaniko wathu, amaliza kumanga supachaja. Anaichotsa m'galimoto ina yomwe inagubuduzika ku Tunduma. Ikuoneka ngati nkhono yaikulu yachitsulo. Lamba amaizunguza, iyo n'kumakankhira mphepo mu injini. Mphepo yambiri imafuna petulo wolingana nayo. Akachepa, injini imapsa. Akachuluka, imatsamwa. Ndiye pafunika china choyeza petuloyo. Pafunika ubongo.

Abambo akuti, "Iwe ndiye umakhoza fizikisi. Sankha. Ine za mawaya sindizidziwa."

Chibadwire, aka n'koyamba kundipatsa ntchito yosanyamula pamutu kapena paphewa.

Zosankha zilipo zinayi:

1. Kuchotsa zatsopano zonse, kubwezera kabuleta, choyezera petulo chakale chija. A Simwaka, amene amanditchula Profesa, akufuna zimenezi. Akuti, "Profesa, kabuleta sanama. Ukamumenya na sipanala akumva." Ndi maganizo a munthu amene amakonza injini ndi khutu.
2. Bokosi la m'galimoto ya ku Tunduma ija. Limafuna kiyi wake weniweni. Kiyiyo anapita ndi mwini wake, ndipo mwini wake sitikudziwa kuti ali moyo.
3. Bokosi lochita kulilembera manambala pa laputopu. Laputopu yomwe ndikuidziwa ili mu ofesi ya ahedi, yokutidwa ndi nsalu ngati Baibulo la paguwa.
4. Bokosi lodziphunzitsa lokha. Laling'ono, lakuda, lili ndi kababu kamodzi. Umangoyendetsa galimoto, ilo n'kumamvetsera injini mpaka litaphunzira petulo woyenera. Lili pa shelefu ya a Simwaka chaka chonse chifukwa amaliopa.

Nambala 4! Miyezi itatu ndakhala ndikuwerenga zimenezi pafoni nthawi ya buleki, anzanga akudya mandasi. Ndati anzanga, koma ndikutanthauza anthu a m'kalasi mwathu.

Madzulo.

Ntchito za munthu amene wasankha ubongo wa injini lero:
Kutunga madzi.
Kutsekera nkhuku.
Kumasula batire la Pepani n'kulilowetsa m'nyumba, monga ndachitira tsiku lililonse kuyambira Sitandade 6. Kuno batire siligona panja. Akuba alipo, komanso magetsi akazima, mababu awiri, wailesi ndi mafoni onse zimadya pomwepo. M'mawa ndimalibwezera.
Kuthamangitsa Tadala pampando wa dalaivala.

Petulo alipo zigubu zisanu, Abambo anamusonkhanitsa pang'onopang'ono kwa anyamata a m'malire. Ziwiri n'zoyesera. Zitatu n'zaulendo, zosakhudza.

LACHIWIRI

Kusukulu.

Sindikumva chilichonse. Aphunzitsi a jogalafe akujambula mtsinje pabolodi, ine ndikuona mawaya. Wongani, amene amakhala kumbuyo kwanga, akundibaya ndi cholembera: "Kondakitala wa Pepani, lero tikankha nthawi yanji?" Loweruka adzamva.

Kapepala ka bokosi ndakawerenga kanayi. Masamba atatu a malangizo, tsamba limodzi la machenjezo. La machenjezolo ndalidumpha. Machenjezo amalembera anthu amene amatsegula radiyeta ili yotentha.

Masana.

A Simwaka alumikiza bokosi pansi pa dashibodi. Mawaya akulunga ndi timizere ta jumbo, akuti tepi inatha. Ndaona. Ndalemba.

Iwo akuyendetsa, ine ndagwira kapepala. Msewu wa ku Chisenga.

Manyazi a lero, motsatana:
Pepani akutsokomola ngati wamwa fodya wa chingambwe.
Utsi wakuda, wonunkha petulo wosapsa.
Kuphulika kuwiri ku egizozi. Mayi wina wataya mtolo wa nkhuni.
Bambo wa panjinga, atamanga nkhumba pakaliyala, watipitirira. Watipatsanso moni!

A Simwaka akuti, "Ichi ndicho chikuphunzira? Chili Sitandade chani?"

Kababu kakuphethira mofiira. Kapepala kakuti pirirani. Ndikupirira. Ndakhala ndikupirira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ola limodzi silingandiphe.

Kenaka kakuphethira pang'onopang'ono. Kutsokomola kukuchepa. Kenaka kababu kobiriwira, kosaphethira.

Mayo ine! Supachaja ikuimba mluzu! Chitunda chija cha pamlatho wa matabwa, chomwe ndakankhapo Pepani mpaka nsapato kung'ambika, takwera pa giya 3! Fumbi kumbuyo ngati kamvulumvulu. Mapiri a Mafinga akubwera okha kudzatichingamira. Bambo wa nkhumba uja tamudutsa ngati waima.

A Simwaka akumenya chiwongolero: "Yayi! Ichi n'chiwanda, Profesa! Chiwanda chenicheni!"

Ndaseka mokweza. Mawu anga andidabwitsa.

Madzulo.

Abambo afika mdima utagwa, anali kupereka makiyi ndi mafayilo kwa wolowa m'malo mwawo. Batire lili kale m'nyumba, Amayi akulongedza mbale ndi kuwala kwake. Akuti aona m'mawa.

Kumapeto a mwezi uliwonse. Ndiye kuti kawiri Khirisimasi isanafike.

LACHITATU

M'mawa.

Amene ndawaitana: Abambo, Amayi, Tadala.
Amene abwera okha: a Phiri a nyumba yoyandikana, mswachi uli m'kamwa. Akazi awo. Ana awo anayi. Mnyamata wogulitsa makala. Galu wosadziwika.

Ndabwezera batire, ndapukuta galasi ndi malaya anga. Abambo akutembenuza kiyi.

Khoo! Khoo! Phaa!

Utsi wakuda walowa m'nyumba ya a Phiri. Galu wathawa. Pepani wayenda mpaka pampanda n'kuzima. Kababu kofiira, kakuphethira ngati sitinakumanepo.

Ndikuti, dzulo anathamanga, funsani a Simwaka. Abambo akuyang'ana wotchi. "Ine galimoto ya madzulo sindikuidziwa, mwanawe. Ndikudziwa ya m'mawa."

A Phiri alavula thovu n'kunena kuti mlamu wawo ali ndi lole.

Palibe anawafunsa za mlamu.

Buleki, kuseri kwa thanki ya madzi.

Oganiziridwa:
1. Petulo. Anyamata a zigubu amathiramo palafini, aliyense akudziwa.
2. Kuzizira kwa m'mawa. Koma uno ndi mwezi wotentha, ngakhale nkhuku zikugona kukamwa kuli yasa.
3. Tadala. Amakanikiza chilichonse chokanikizika.
4. A Simwaka ndi majumbo awo.
5. A Simwaka dala, kuti kabuleta wawo abwerere.

Ndaganiza mofatsa, mwasayansi. Nambala 4 kapena 5.

Masana.

Msewu womwewo. Kutsokomola komweko. Bambo wa njinga yemweyo, lero wopanda nkhumba, akutikweza dzanja ngati achibale. Ola limodzi, kababu kobiriwira, mluzu, chitunda pa giya 3.

Sindikuseka lero. Chimwemwe chopanda mboni n'chachabe. Mboni yanga ndi munthu mmodzi, yemwenso ali pamndandanda kawiri.

Ndapempha a Simwaka kuti tipite kuchipatala Abambo akaone okha. Tafika, akuti atuluka, apita kukatsanzikana ndi a kumpingo. Chitipa yense akutsanzikana ndi Abambo. Awapatsa nkhuku, nsalu, mtedza, vesi. Ine sananditsanzike panobe, mwina chifukwa tikukhala nyumba imodzi.

Zigubu ziwiri zoyesera zatha.

Madzulo.

Tadala ndamuletsa kuyandikira galimoto. Walira. Amayi akuti ndine wouma mtima ngati mwala wa pamtondo. Zigubu ndazinunkhiza zonse, mutu ukuwawa. Madzi, nkhuku, batire.

LACHINAYI

M'mawa.

Khoo! Khoo! Phaa!

A Phiri lero sanatuluke, angotseka zenera. Abambo atsika m'galimoto. Atenga chikwama, apita wapansi. Bola akanakalipa.

Kusukulu.

Mayeso a fizikisi Lolemba likubwerali. Aphunzitsi akuti ine ndiye chiyembekezo cha kalasi. Wongani akuti chiyembekezo chikununkha petulo.

Masana.

Ndalakwa kapena sindinalakwe, ndilembe momwe zachitikira.

Abambo abwera kudzadya. A Simwaka afika, apereka moni wawo wa masiku onse, "Mwatandala uli, adokotala?" Ine ndaimirira pakhonde n'kunena kuti vuto ndi mawaya. Kuti munthu wolunga mawaya ndi jumbo sangamange kompyuta. Kuti mwina ena sakufuna kuti bokosi ligwire ntchito.

Ndanena ndili chiimire. Manja m'thumba. Kwa bambo wa imvi, amene anandinyamulapo paphewa pomwe Pepani anatitchonetsa mumtsinje ndili Sitandade 2.

Amayi aika pansi mbale. Abambo akuti, "Iwe!" Basi.

A Simwaka sanakweze mawu. Alowa pansi pa dashibodi, amasula bokosi, asolola mawaya onse kudzera pazenera n'kuliika pamwamba pa madigadi, pafupi ndi boneti. "Ona wekha, Profesa. Koka waya uliwonse. Ukasololoka umodzi, sipanala zanga utenge."

Ndakoka. Umodzi umodzi, onse khumi ndi anayi. Majumbo agwira ngati anabadwira pomwepo.

Abambo atsegula chigubu chaulendo, nkhope ili kumbali. "Komaliza."

Tayenda bokosi lili pamiyendo panga. A Simwaka akuyendetsa, maso pamsewu pokha. Kababu kobiriwira, mluzu, chitunda. Pobwera aimika galimoto, aika bokosi pamadigadi paja, asonkhanitsa sipanala zawo zonse, ngakhale zomwe amasiya kwathu masiku onse. Atsanzika Amayi. Atsanzika Tadala. Atsanzika nkhuku, ndikuganiza. Ine ayi.

Dzuwa likulowa.

Amayi akuitana kuti mdima wayamba, mababu. Ndatenga sipanala yathu ya nambala 10. Ndatsegula boneti. Bokosi lili apo pamadigadi, kababu kake kobiriwira kakundiyang'ana, ngakhale kiyi ali m'thumba mwa Abambo.

Ndamasula mutu wa batire.

Kababu kazima.

Ndabwezera. Kayaka. Kofiira, kakuphethira.

Ndaima pamenepo sipanala ili m'manja mpaka Amayi aitananso kachiwiri.

LACHISANU

M'mawa kwambiri.

Tsamba la machenjezo, mzere woyamba, zilembo zikuluzikulu. Likuti waya wofiira uzikhala ndi moto nthawi zonse. Likuti batire likachotsedwa, bokosi limaiwala zonse zomwe laphunzira.

Mzere woyamba!

Mndandanda wa oganiziridwa ndaung'amba. Maina asanu, awiri mwa iwo a munthu mmodzi, ndipo wolakwa ndi amene anagwira cholembera. Masiku atatu ndakhala ndikuphunzitsa bokosi masana n'kulipha ndekha madzulo, ndi manja anga, mosamala, n'kulipukutanso fumbi.

Ndimaona zonse. Ndimadziwa kuti a Phiri amabisa mowa m'thumba la feteleza. Ndimadziwa kuti Amayi analira kubafa tsiku lomwe kalata ya Nthalire inabwera. Batire lolemera ngati mwana wa ng'ombe, lomwe ndimanyamula pamimba tsiku ndi tsiku, sindinalione.

Pa tiyi.

Ndawauza Abambo. Ndinakonza mawu ambiri, atuluka ochepa. Atafuna mbatata nthawi yaitali.

"Ndiye petulo yenseyu wapita chifukwa cha mababu awiri?"

Eya.

"A Simwaka ukawauza liti?"

Ndamwa tiyi.

Amayi akuti, "Ndiye mumafuna ndizilongedza mumdima?" Palibe amene wanena zimenezo, koma akwiya ndithu.

Zigubu zatsala ziwiri. Zophunzitsira lero palibe, ndipo woyendetsa palibe. Abambo akuti aimbira mlamu wa a Phiri.

Ndagwada. Ndikulemba kuti ndisadzaiwale kuti ndinagwada, pasimenti, yunifolomu ili m'thupi. Ndati bokosi likhoza kuphunzira paulendo womwewo. Ola loyamba msewu ndi wosakwera kwambiri, litsokomola, kenaka likhala lobiriwira mapiri enieni asanayambe. Chofunika n'chimodzi: munthu asakhudze batire.

Abambo andiyang'ana ngati wodwala amene akukana jakisoni. "Dzuka, uchedwa kusukulu. Tiyesa."

Masana.

Amayi andiperekeza kukaona chipinda kwa a Namukonda. Muli bedi lachitsulo, matumba a nyemba mpaka kudenga ndi kalendala ya chaka chomwe ndinabadwa. A Namukonda akuti, "Mwana wa adokotala sadzavutika kuno. Amadya chinangwa?" Akufunsa Amayi, ine ndili pompo.

Pobwerera tadutsa pagalaja ya a Simwaka. Miyendo yawo ikuonekera pansi pa minibasi. Ndachepetsa liwiro. Ndawonjezeranso.

Mawa. Ndidzawauza Pepani atakwera, kuti nkhani ikhale ndi mbali yabwino.

Madzulo.

Ndadula katoni, ndalemba ndi makala: MUSACHOTSE BATIRE. Ndaimangirira ndi chingwe pabatire penipenipo. Lero lilowa m'nyumba komaliza, poti mulibe chomwe lingaiwalitse.

LOWERUKA

M'mawa.

Katundu wa pa Pepani: matiresi atatu, mipando, matumba awiri a chimanga, makina osokera a Amayi, ndowa, njinga, nkhuku zisanu ndi imodzi zomangidwa miyendo, mbuzi yomwe a kumpingo abweretsa mochedwa. Kutsogolo Abambo, Amayi, ine, Tadala pamiyendo panga, bokosi pamiyendo pa Tadala. Ndamuuza kuti akalikanikiza ndimuponya pazenera.

Ndikupita nawo kuti ndikaone nyumba. Abambo adzandibweza mawa.

A Phiri akutibayibitsa ndi nambala ya mlamu wawo papepala.

Panjira. Ndikulemba pabondo.

Khoo, khoo. Pamsika anthu akuwomba m'manja. Wongani ali pomwepo, wagwira mimba. Pirira.

Amayi akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Mbuzi ikuyankha egizozi.

Mphindi makumi atatu. Kutsokomola kukuchepa.

Mphindi makumi anayi. Kababu kakuphethira mwaulesi. Abambo atembenuka kundiyang'ana, nsidze zakwera.

Mphindi makumi asanu. Mluzu wayamba, pang'ono, ngati mwana akuphunzira. Abambo akuti, "Aka n'chiyani?" Ndikuti ndi supachaja. Akumwetulira! Mano onse! Mlatho wa matabwa uli patsogolo apo, chitunda kuseri kwake.

Madzulo, pakhonde la a Mtambo.

Ndilembe bwino, chifukwa sindidzalembanso za galimoto.

Tisanafike pamlatho, m'mbali mwa msewu mwaima a Mtambo, mkulu wa mpingo wa kuno, amene Abambo anawachiritsa chilonda cha pamwendo. Ndikuti, Abambo, musaime. Akuti, "Munthu wamkulu sitimudutsa ngati chitsa." Aima.

Moni. Za kunyumba. Za mwendo. Za mvula. Za mwendo winawo. Injini ikunjenjemera, kuima chiimire sinaphunzire. Yazima.

Kiyi. Kete. Kete. Palibe.

Si vuto lalikulu. Mutu wa batire ndi wokhwepa chifukwa chomasulidwa tsiku lililonse, umangofuna kuukanikiza. Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene, Abambo akuti, "Mwala kutayala, msanga, tibwerera m'mbuyo!" Ndatsika. Ndathamangira kumbuyo. Mwala woyamba waung'ono. Wachiwiri uli ndi nyerere.

Ndamva boneti ikutseguka.

Ndathamanga, ndagwa, ndadzuka. Abambo aima pamenepo, mutu wa batire uli m'dzanja lamanzere, mpeni kudzanja lamanja, akupala mosamala monga achitira nthawi iliyonse Pepani akazima kuyambira ndisanabadwe. Katoni yanga aikankhira pambali kuti isawasokoneze. A Mtambo agwirizira boneti, akuvomereza ndi mutu: "Makora, adokotala, palani chomene."

Tadala akufuula kuchokera mkati: "Kazima! Si ine!"

Abambo ayang'ana mpeni. Ayang'ana katoni. Aitembenuza, aiwerenga, ngakhale anaiwerenga kale m'mawa. Akuti, motsitsa, "Dzanja lazolowera."

Ndani angawadzudzule? Ine?

Zotsatira:
Khoo, khoo, phaa, kuyambira Sitandade 1.
Chitunda, ulendo woyamba: theka.
Ulendo wachiwiri, Amayi, Tadala ndi mbuzi atatsika: theka ndi mikono iwiri.
Ulendo wachitatu, anyamata asanu ndi mmodzi akukankha: utsi, fungo, chete. Mapulagi akuda bii, anyowa petulo. Batire lafooka ndi kulizaliza.

A Mtambo atumiza mdzukulu. Wabwera ndi ng'ombe ziwiri za pangolo. Azimangirira kubampala. Pepani, wa supachaja ya ku Tunduma ndi ubongo wodziphunzitsa wokha, walowa m'mudzi akukokedwa ndi ng'ombe, Abambo ali pachiwongolero, ana akuimba kumbuyo. Ng'ombezo sizinatsokomole ngakhale kamodzi.

Abambo akwera pachulu kusaka netiweki. Pepala la a Phiri lili m'manja.

LAMULUNGU

M'mawa, pamsewu.

Tagona kwa a Mtambo. Atiphera nkhuku, yathu yomwe.

Lole ya mlamu wa a Phiri yafika anthu akupita kutchalitchi. Yakale kuposa Pepani, ya dizilo, yopanda bokosi lililonse. Dalaivala akuti ku Nthalire amapita atatseka maso.

Katundu ndasamutsa ndine. Matiresi, chimanga, makina, mbuzi. Batire nalonso, poti nyumba ya ku Nthalire ilibe magetsi. Pepani atsala pansi pa mtengo wa mango kwa a Mtambo. Abambo akuti adzamuona mvula ikatha. A Mtambo afunsa ngati nkhuku zingamaikire kumbuyoko.

Mulole malo anga mulibe, komanso wondibweza palibe.

Amayi andipatsa mtedza wa kumpingo uja ndi sopo. Akundikonza kolala ngati ndikupita kukajambulitsa. Akuti ndizidya, ndisamayankhe akulu, ndizivala juzi. Kukutentha chonchi. Tadala akuti, "Ukabwera udzandilole kukanikiza." Ndati eya.

Abambo aimitsa kabaza wa njinga yamoto wopita ku boma. Aima pafupi nane nthawi yaitali, akuyang'ana matayala a lole. Ndikudikira. Akuti, "Mluzu uja ndinaumva."

Kenaka: "Khirisimasi si kutali."

Lole yapita kum'mwera, ine kumpoto. Ndinatembenuka kamodzi, ndinangoona fumbi ndi mutu wa mbuzi.

Masana.

Ndatsika pagalaja. A Simwaka akhala pa tayala, avala jekete la kutchalitchi. Nkhani yawafika kale, ndi ng'ombe zomwe, ndi maina a ng'ombezo.

Ndachotsa manja m'thumba. Ndakhala pansi. Ndanena zonse, za batire, za tsamba lomwe ndinadumpha, za pakhonde paja. Mbali yabwino palibe.

Amvetsera mpaka kumapeto. Akuti, "Bokosi lako likugwira ntchito, Profesa. Ine nkhaona. Kweni nyumba yinu ikukhumba kabuleta." Atero n'kuyamba kupukuta nsapato. Sanati ndakhululuka, sanati choka. Ndakhala pang'ono, ndanyamuka.

Madzulo, kwa a Namukonda.

Bedi likulira ndikapuma. Nyemba zikununkha mankhwala a anankafumbwe. Foni ya Amayi sikupezeka, ndayesa kanayi. Mwina afika, mwina ali pachitunda china.

Mawa fizikisi. Mutu wake ndi magetsi. Ndatsegula buku, ndayambira tsamba loyamba, mzere woyamba, osadumpha.

Ndinayamba kuwerenga masabata otsala pa kalendala ya pakhoma, kenaka ndakumbukira kuti ndi ya chaka china.

Nthawi ino kwathu ndimakhala ndili ndi ntchito. Manja akungoyendayenda pabulangete.

A Namukonda akuitana kuchokera kukhitchini: "Mwana wa adokotala! Madzi!" Dzina langa Amayi anawauza kawiri Lachisanu.

Ndikupita.